Mutu 9: Chokupizira chopinda ndi manja amene chinadutsamo

Mumzinda wa Kyoto ku Japan muli kachisi wakale wotchedwa Tō-ji. Amisiri ena akukonza chifanizo chachikulu cha m'kachisimo, anapeza m'kati mwa mkono wake timatabwa topyapyala ta mtengo wa hinoki, tobooledwa kumunsi kuti tonse tizizungulira pa kamsomali kamodzi. Pa timatabwato panali patalembedwa chaka, ndipo pa kawerengedwe kathu chakacho ndi 877. Mwa zokupizira zopinda zonse zimene chaka chake chimadziwika, chimenechi ndi chimodzi mwa zakale zedi.

Kudzikupiza mphepo sikunayambe ndi Ajapani. Kulikonse kotentha munthu amathyola tsamba n'kumadzikupiza. M'manda a Tutankhamun, amene Howard Carter anawapeza ku Egypt mu 1922, munali zokupizira za nthenga za nthiwatiwa, zina za mpini wautali wokutidwa ndi golide, zonyamula antchito poperekeza mfumu. Ku China akazi a kunyumba yachifumu ankagwira zokupizira zozungulira za silika. Koma zonsezi zinali zouma gwa, zosapindika. Chachilendo chimene Ajapani anabweretsa ndi chinthu chotambasuka mpaka kuphimba nkhope yonse, kenako n'kupindika kukhala kandodo kolowa m'mkono wa malaya. Munthu ankatha kuyenda nacho tsiku lonse, kuchitulutsa pamene wafuna, kuchibisa pamene wafuna. Mbiri yonse ya chokupizira ngati chotchenera yagona pamenepa.

Oyamba kuchigwiritsa ntchito anali amuna, nduna za kunyumba ya mfumu, zimene zinkalembapo ndondomeko ya miyambo kuti zisasokoneze pamaso pa anthu. Akazi atachitenga anachijambula maluwa, mitambo ndi mbalame, n'kuchimangirira zingwe zazitali za silika. Kenako panabwera mtundu wina wopepuka, wa tindodo tochepa ta nsungwi tomatidwa pepala mbali imodzi. Mabuku a mbiri ya ufumu wa Song ku China amanena kuti mu 988 mmonke wa ku Japan dzina lake Chōnen anatumizira mfumu ya China mphatso, ndipo mwa mphatsozo munali zokupizira zamatabwa 20 ndi zapepala ziwiri. Atchaina anachedwa kuchikonda, koma m'nthawi ya ufumu wa Ming chinafala, ndipo anthu ophunzira anayamba kulembapo ndakatulo ndi kujambulapo mapiri n'kumapatsana pa ubwenzi. Mizinda ya Suzhou ndi Hangzhou inatchuka nacho. Amisiri a ku China ndiwo anayamba kumata pepala mbali zonse ziwiri, tindodo n'kubisika pakati, ndipo nzeru imeneyi inabwerera ku Japan komwe chinthucho chinachokera.

Ku Japan chokupizira sichinasanduke cha akazi okha. Mlendo pa mwambo wa tiyi amachiika chopinda patsogolo pa maondo ake powerama, kukhala ngati malire a ulemu pakati pa iye ndi mwini nyumba. Wosimba nthano za rakugo amakhala pansi ndi chokupizira ndi kansalu basi, ndipo chokupiziracho chimasanduka timitengo todyera, kaliwo wa fodya kapena nkhafi ya bwato, malinga ndi pamene nthano yafika.

Chifika ku Ulaya

Apwitikizi anafika ku Japan mu 1543 ndipo anakhazikika ku Macau mu 1557. Zombo zawo zinkabwerera ku Lisbon ndi silika, mbale zadothi ndi zokupizira. Kuchokera kumeneko chinthuchi chinalowa ku Spain, Italy ndi France. Pa chithunzi china cha Mfumukazi Elizabeth Woyamba, chimene Marcus Gheeraerts anajambula cha m'ma 1592 ndipo lero chili ku National Portrait Gallery ku London, mfumukaziyo yaima pamwamba pa mapu a England, m'dzanja lina muli magolovesi, m'dzanja linalo muli chokupizira chopinda. Munthu wojambulitsa chithunzi chotere sankagwira chinthu wamba. Chilichonse cha pathupi pake chinkasankhidwa kuti chilankhule za chuma ndi mphamvu.

Patangopita zaka zana limodzi, Paris ndiye anali likulu la ntchitoyi. Mu 1678, mu ulamuliro wa Louis XIV, opanga zokupizira a mumzindawo anakhala ndi bungwe lawolawo lokhala ndi malamulo ake. Koma mu 1685 mfumu yomweyo inathetsa lamulo la ku Nantes limene linkateteza Apulotesitanti, ndipo amisiri ambiri anathawira ku Netherlands ndi ku England atanyamula luso lawo. Ku London bungwe la Worshipful Company of Fan Makers linalandira chikalata cha Mfumukazi Anne mu 1709, ndipo nkhondo yake yaikulu kuyambira pachiyambi inali yolimbana ndi zokupizira zotchipa zimene zombo za East India Company zinkatsitsa padoko mwaunyinji.

Kuti timvetse chimene ankalimbiranacho, tiyeni tichigwire m'manja chokupizira cha m'ma 1760. Chikakhala chopinda, chimene mukuona ndi ndodo ziwiri zakunja, zochindikala pang'ono, zogobedwa maluwa ndi tianthu. Ntchito yake ndi kuteteza zam'kati. Kumunsi kuli kamsomali kogwirizira zonse, nthawi zina kokhala ndi kamwala konyezimira kumutu. Mukakankha ndi chala chachikulu, tindodo tam'kati timatuluka kamodzikamodzi, topyapyala moti kuwala kumadutsa, tobooledwa timabowo tosaoneka bwino ndi maso, pena topakidwa golide kapena siliva. Kumtunda kwake tindodoti timaonda n'kulowa m'tsamba, ndilo gawo lopindikalo. Tsamba la chokupizira chabwino kawirikawiri silinali nsalu. Linali chikopa cha kamwana ka mbuzi kapena ka nkhosa, chopalidwa mpaka kupyapyala ngati pepala, kapena pepala lenileni lolimba. Chithunzi ankachijambula tsambalo lili loyala, lisanapindidwe, ndipo wojambula waluso ankadziwiratu pamene mipindiro idzagwere, n'kumayesetsa kuti nkhope ya munthu isaduke pakati.

Panalinso mtundu wopanda tsamba, wotchedwa brisé, wa tindodo tokhatokha tofutukuka kumtunda, tolumikizidwa ndi kariboni. Umenewu ndi wofanana kwambiri ndi timatabwa ta ku Kyoto, koma a ku Ulaya ankaupanga ndi minyanga kapena nyanga za ng'ombe n'kuupaka vanishi wonyezimira.

Palibe munthu mmodzi amene ankapanga chokupizira chonse. Tindodo tambiri ta zokupizira za ku Paris tinkachokera m'midzi ya m'chigawo cha Oise, monga Méru, Andeville ndi Sainte-Geneviève, kumene mabanja a alimi ankacheka mafupa, minyanga ndi zigoba zonyezimira za nkhono zam'nyanja m'nyumba zawo, makamaka nyengo yozizira kumunda kukakhala kulibe ntchito. Wina ankacheka, wina kupala, wina kuboola ndi kasowo koonda ngati ulusi, wina kugoba, wina kumata golide. Ku Paris kunali ojambula, omata mapepala, opinda ndi olowetsa tindodo m'tsamba. Zithunzi za m'buku lalikulu la Encyclopédie la Diderot ndi d'Alembert zimaonetsa zipinda zimenezi, ndipo ogwira ntchitomo ambiri ndi akazi, atawerama pa matebulo, mapepala onyowa atayanikidwa kudenga. Mayina awo sanalembedwe paliponse pa chinthu chimene anapanga. Ngakhale ojambula zithunzi, isanafike 1800, kawirikawiri sankasaina. Munthu ukayang'ana timabowo mazanamazana pa kandodo kamodzi, n'kukumbukira kuti anaboola ndi dzanja powala nyali yamafuta, umawalemekeza anthu amenewa kuposa mwini chokupizira amene dzina lake linasungidwa.

Chinali mbali ya chovala

N'zoona kuti m'zipinda zovinira munkatentha. Makandulo mazana ankayaka, mawindo ali otseka, akazi atamangidwa m'chiuno ndi zovala zothina zokhala ndi mafupa a namgumi, nkhope zitapakidwa ufa woyera. Mphepo inkafunika ndithu. Koma kukupiza mphepo kukanatheka ndi chipepala chilichonse. Chimene mayi wolemera ankalipirira ndalama zambiri ndi china: dzanja logwira chokupizira chosachedwa kuthyoka ndi dzanja losagwira mphika, losanyamula mwana, losachapa. Ife tikulidziwa litchowa m'dzanja la mfumu kapena la mtsogoleri. Ntchentche lingathe kuingitsa, koma aliyense woona amadziwa kuti silinanyamulidwire ntchentche.

Umboni wake ndi wakuti chithunzi chokongola kwambiri chinkakhala mbali yoyang'ana kwa anthu. Mwini wake ankaona kumbuyo, kumene nthawi zambiri kunkangokhala kanthambi ka maluwa kapena kanyumba kamodzi. Zojambulidwa kutsogolozo zinkasankhidwa molingana ndi mwambo. Cha ukwati chinkakhala ndi Rabeka pachitsime, kapena Yakobo ndi Rakele, kapena milungu yachikondi ya Agiriki. Cha kutchalitchi chinkakhala ndi nkhani ya m'Baibulo kapena mapemphero. Cha maliro chinali chakuda kapena chotuwa, chopanda golide. Achinyamata olemera a ku England opita kukaona Italy ankabwerera ndi zokupizira zojambulidwa mabwinja a Rome kapena phiri la Vesuvius likulavula moto, zokapatsa amayi ndi alongo awo. Ku Versailles kunali mwambo wakuti mayi asatambasule chokupizira chake pamaso pa mfumukazi, pokhapokha ngati akuperekerapo kanthu.

Kukula kwa chokupizira kunkatsata diresi, ndipo odziwa zinthu zakale amagwiritsa ntchito mfundo imeneyi poyerekeza zaka zake. M'ma 1700 masiketi anali otambalala kwambiri, ndiye chokupizira chinalinso chachikulu. Itadutsa nthawi ya kuukira boma ku France, cha m'ma 1800, akazi anayamba kuvala madiresi oonda a nsalu yopepuka, opanda matumba am'kati. Chokupizira chinachepa kuti chizilowa m'kachikwama kam'manja, ndipo m'malo mwa zithunzi anayamba kusokererapo tizitsulo tonyezimira. Masiketi atafufumanso m'ma 1850, nacho chinakula, ndipo pofika m'ma 1880 chinali chachikulu kuposa kale lonse.

Sikuti zonse zinali za olemera. Kuyambira m'ma 1720 osindikiza a ku London anayamba kusindikiza masamba a zokupizira pa makina, n'kuwamata pa tindodo tamtengo wamba. Zimenezi zinkagulidwa motchipa, n'kutayidwa nkhani yake ikazilala. Panali zoonetsa kavinidwe katsopano, malamulo a masewera a makadi, kalendala, mapu a mzinda, ngakhale mipando ya m'nyumba ya zisudzo ndi mayina a eni ake. Abale awiri a Montgolfier ataulutsa chibaluni chawo mu 1783, zokupizira za zibaluni zinadzaza misika ya Paris. Ndende ya Bastille itagwa mu 1789, inajambulidwa pa zokupizira pamodzi ndi nyimbo za oukira boma, ndipo otsatira mfumu nawo anali ndi zawo. Motero mayi amene sankaloledwa kuvota kapena kulankhula pamsonkhano ankatha kuonetsa mbali imene ali pongotambasula dzanja. Zambiri mwa zotchipazi zikanatheratu pakanapanda Lady Charlotte Schreiber, amene anazitolera pamene anzake ankaziona ngati zinyalala, n'kuzipereka ku British Museum mu 1891. Kwa wofuna kudziwa zimene anthu wamba ankakamba m'misewu, zimenezi n'zaphindu kuposa zagolide zija.

Pali nkhani ina imene imakambidwa kawirikawiri, yoti akazi anali ndi chinenero chachinsinsi cha chokupizira: kuchidutsitsa patsaya ndiye kuti ndimakukonda, kuchizunguza m'dzanja lamanzere ndiye kuti akutiona. Nkhaniyi ndi yokoma, koma gwero lake ndi malonda. Mu 1711 Joseph Addison analemba m'nyuzipepala ya The Spectator za sukulu yophunzitsa akazi kugwira chokupizira monga asilikali agwirira zida, koma ankangoseka khalidwe la anthu a m'tauni. Mu 1797 ku London kunatuluka chokupizira chosindikizidwa chotchedwa Fanology, chophunzitsa kutchula zilembo ndi zizindikiro, ndipo chinali masewera a pabalaza. Mndandanda wotchuka uja unafalitsidwa m'ma 1800 ndi kampani ya Duvelleroy pa kapepala kopatsa ogula. Chinsinsi chimene chasindikizidwa n'kugawidwa m'sitolo, mwamuna wa mayiyo ndi azakhali omuperekeza akanachiwerenganso. Chimene chinalipo chenicheni n'chakuti chokupizira chinkakuza zimene thupi likunena kale. Wokwiya ankachitseka mwamphamvu mpaka kulira kuti thwa, wamanyazi ankabisa pakamwa n'kusiya maso okha, wotopa ndi nkhani ankakupiza pang'onopang'ono akuyang'ana kumbali. Zimenezi sizifuna kapepala.

Kampani ya Duvelleroy inayamba ku Paris mu 1827, pa nthawi imene zokupizira zinali zitatsika. Mwayi wake unabwera mu 1829, pamene Duchesse de Berry anakonza dansi yaikulu ndipo akazi ovina anagwira zokupizira. Fashoni inadzukanso, ndipo kampaniyo inadzagulitsa kwa Mfumukazi Victoria ndi mafumu ena. M'zaka zimenezi ojambula anayamba kusaina masamba awo, ndipo leisi ya ku Brussels ndi leisi yakuda ya Chantilly zinalowa m'malo mwa chikopa. Japan atatsegula madoko ake m'ma 1850, zokupizira zake zapepala zinasefukira ku Ulaya, ndipo ojambula monga Edgar Degas ndi Camille Pissarro anakopeka ndi maonekedwe a tsamba lokhota, n'kuonetsa zojambula zawo za mtundu umenewu pa chionetsero cha ku Paris mu 1879.

Za ku Canton, ndi zimene Africa anaperekapo

Kuyambira 1757 mpaka 1842, amalonda a ku Ulaya ankaloledwa kugula katundu wa China padoko limodzi lokha, la Canton, limene lero ndi Guangzhou. Amisiri akumeneko ankapanga zokupizira zimene Atchaina eni ake sankagwira, zopangira alendo basi. Zaminyanga zawo za mtundu wa brisé n'zodabwitsa: kandodo kalikonse kanachekedwa timizere toimirira toonda ngati tsitsi, ndipo pamwamba pa timizereto pali nyumba, mabwato, mitengo ndi anthu, pakati n'kusiyapo kabwalo kogobapo zilembo za dzina la wogula wa ku London kapena Boston. Cha pakati pa zaka za m'ma 1800 kunatchuka mtundu wina wa tsamba lapepala lodzaza ndi anthu ambirimbiri ali m'mabwalo ndi m'makonde. Mukachiyandikira mumaona kuti nkhope iliyonse ndi kachidutswa ka mnyanga kocheperapo kuposa chikhadabo cha kamwana, kojambulidwa maso ndi pakamwa n'kumatidwa papepala, ndipo malaya a munthu aliyense ndi kansalu kenikeni ka silika. Chinkagulitsidwa m'bokosi lakelake lakuda lopakidwa golide.

Apa m'pamene nkhaniyi imatikhudza. Mbali yaikulu ya minyanga imene dziko linkagoba inkachokera mu Africa. Amisiri a ku Dieppe ku France ankalandira yawo kuchokera kugombe la kumadzulo. Kuno kum'mawa, m'zaka za m'ma 1600 mafumu a Amaravi, monga Kalonga Muzura, ankagulitsa minyanga kwa Apwitikizi a ku Tete, Sena ndi pachilumba cha Mozambique. Pambuyo pake Ayao ndiwo anagwira njira za malondawa mpaka ku Kilwa, ndipo m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota n'kumawolotsa minyanga ndi akapolo pa nyanja, ulendo wa ku Kilwa ndi Zanzibar. Yambiri inkapita ku India kukapanga zibangili za akwatibwi, ndipo kuchokera ku Bombay ina inkapitirira ku China ndi ku London. Mnyanga wa kum'mawa kwa Africa unkakondedwa chifukwa ndi wofewa pogoba, woyera, ndiponso wosafulumira kung'aluka. Ukachekedwa kukhala kandodo kopyapyala sunenanso dambo limene njovu yake inagwera, ngakhale phewa limene linausenza miyezi yathunthu kupita kugombe. Mabuku ambiri a zokupizira amatchula wojambula, mwini sitolo ndi mfumukazi imene inachigwira, koma pa tindodo amangolemba liwu limodzi lakuti mnyanga. Wowerenga wa kuno ali ndi chifukwa choimira pa liwu limenelo nthawi yotalikirapo.

Akamba am'nyanja nawo anaphedwa ochuluka chifukwa cha zigoba zawo zamawangamawanga, zimene zikatenthedwa zimafewa n'kuumbika.

Nthenga zinachokera kumwera. Alimi a ku Little Karoo ku South Africa anayamba kuweta nthiwatiwa m'ma 1860, ndipo tauni ya Oudtshoorn inalemera nazo mpaka eni mafamu kumanga nyumba zikuluzikulu zamiyala zimene zilipo mpaka lero. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, nthenga zinali pa nambala 4 pa katundu amene South Africa ankagulitsa kunja, pambuyo pa golide, dayamondi ndi ubweya wa nkhosa. Ubwino wake unali wakuti mbalameyo sinkaphedwa: nthenga ankazidula, zina n'kumera. Zambiri zinkapita pa zipewa, koma zazitali zoyera za kumapiko a tambala wake zinkasankhidwira zokupizira, zomangidwa pa tindodo ta chigoba cha kamba kapena cha nkhono. Mu 1914 msika unagwa mwadzidzidzi. Nthenga zinali zitachuluka, nkhondo inayamba, ndipo chipewa chachikulu sichinkakhala pamutu m'galimoto yopanda denga. Mabanja ambiri, eni mafamu ndi antchito osankha nthenga omwe, anagwa mu umphawi. Komabe m'ma 1920 zokupizira za nthenga zonyikidwa mu utoto wofiira, wobiriwira kapena wapinki zinaonekanso m'madansi, pa madiresi afupiafupi a nthawi imeneyo. Kumeneku kunali kuwala kwake komaliza.

Chimene chinachotsa chokupizira m'manja mwa akazi a ku Ulaya si fani yamagetsi yokha, ngakhale kuti inalipo kuyambira m'ma 1880. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 akazi analowa m'mafakitale, m'maofesi ndi m'zipatala, ndipo nkhondo itatha dzanja lopanda ntchito silinalinso chinthu chonyadira. M'dzanjamo munalowa chikwama, ndudu, chiwongolero. Zimene zinatsala ndi zapepala zogawidwa ulere ndi mahotela, malo odyera ndi ogulitsa mafuta onunkhira, dzina la kampani litalembedwa kumbuyo. Bungwe la ku London la 1709 lilipobe, koma ambiri mwa mamembala ake lero ndi mainjiniya a makina oyendetsa mpweya. Ku Spain chokupizira sichinachoke m'manja: ku Aldaia pafupi ndi Valencia mabanja akupangabe, ndipo amayi amachitulutsa m'tchalitchi, m'basi ndi pabwalo la gule wa flamenco. Ku Kyoto ndi ku Jeonju, ku South Korea, amisiri akumatabe pepala pa nsungwi.

M'manja mwa osunga zakale

Lero zokupizira zakale zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi m'madirowa a anthu ozitolera. Ku Greenwich, mu London, kuli Fan Museum imene Hélène Alexander anatsegula mu 1991, ndipo zimene amaonetsa amazisinthasintha chifukwa kuwala kumafufutitsa utoto. Chokupizira chikakhala chotambasula nthawi yaitali chimatopa m'mipindiro, n'chifukwa chake ambiri amachisunga chopinda, chokulungidwa m'pepala lofewa, pamalo opanda chinyontho. Mnyanga ukanyowa umapindika, ndiye sautsuka ndi madzi. Potsegula amapita pang'onopang'ono, mpindiro umodziumodzi, dzanja lina litachirikiza kunsi. Chomvetsa chisoni n'chakuti za silika za kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 zimafumbutuka msanga kuposa zachikopa za m'ma 1700, chifukwa opanga nsalu a nthawi imeneyo ankanyika silika m'mankhwala achitsulo kuti azilemera, ndipo mankhwalawo amadya ulusi mpaka nsalu kumangosweka yokha.

Wogula amayenera kudziwa chimene tindodo tapangidwa nacho, ndipo tsopano nkhaniyi ndi ya malamulo. Pangano la CITES linaletsa malonda a minyanga pakati pa mayiko mu 1989. Ku Britain lamulo la Ivory Act la 2018, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, limaletsa kugulitsa zinthu zaminyanga ngakhale zakale, kupatula zochepa, monga zopangidwa isanafike 1947 zimene mnyanga wake sukwana magawo 10 pa 100 a chinthu chonsecho, ndiponso zaluso lapadera zopangidwa isanafike 1918 zimene zapatsidwa chikalata. Chokupizira cha brisé chaminyanga yokhayokha sichingalowe m'gulu loyambalo. Ena otolera amadandaula kuti njovu zake zinafa kalekale. Koma msika wa zakale wakhala pobisalira minyanga yatsopano yodetsedwa dala kuti ioneke yakale, ndipo kwa dziko ngati Malawi, limene linawotcha matani 2.6 a minyanga yolandidwa ku Mzuzu mu 2016, dandaulo limenelo ndi lopepuka.

Kusiyanitsa kwake kumafuna galasi lokuzira zinthu. Fupa limakhala ndi timadontho ndi timizere takuda tating'ono, modutsa mitsempha ya magazi. Mnyanga wa njovu ndi wosalala, ndipo pamene wadulidwa mopingasa pamaoneka timizere topingasana ngati ukonde, totchedwa mizere ya Schreger. Pulasitiki woyamba wotchedwa celluloid, amene anafala kuyambira m'ma 1870, ankamupanga motsanzira mnyanga, koma mizere yake ndi yowongoka mofanana kwambiri ndipo m'manja amapepuka.

Chinanso chimene odziwa amayang'ana ndi ngati tsamba ndi tindodo zinabadwira limodzi. Tsamba linkatha msanga kuposa tindodo, ndipo tindodo tabwino tinali todula, choncho mdzukulu ankatha kutenga ta agogo ake n'kukamatitsapo tsamba latsopano. Nthawi zinanso ogulitsa a m'ma 1800 ankatenga tsamba lakale n'kuliika pa tindodo tina kuti likwere mtengo. Zikatero pamatsala zizindikiro: chithunzi chodulidwa m'mphepete moti mtengo kapena phazi la munthu lasowa, mizere ya mipindiro yakale yooneka pakati pa yatsopano mukayang'anitsa kowala, kapena mayi wovala diresi ya m'ma 1860 atakhala pamwamba pa tindodo togobedwa m'nthawi ya Louis XV.